Che Luciano ndi buku lotafuniratu

Ku Chiponde kuno, aliyense amene anali ndi makutu m'zaka zija za othawa nkhondo sanaiwale funso la Che Luciano: “Nanga mwiniwake anati chiyani?” Bambo amenewa, Mulungu awagoneke pofewa, sankameza mawu amene adutsa kale m'kamwa mwa munthu wina. Mukawauza kuti ku Namwera kwagwa mvula yamphamvu, ankakuyang'anani pamwamba pa magalasi awo omanga ndi ulusi n'kufunsa kuti, “Yakunyowetsani inuyo?” Mukati ayi, ndamva kwa woyendetsa lole, iwo ankati, “Ndiye mvulayo ndi ya woyendetsa loleyo. Inu mulibe mvula.”

Anthu atatopa nawo anawapatsa dzina loti Che Mwiniwake. Dzinalonso sanalivomere mpaka atamupeza amene analiyambitsa, telala wa pamsika, n'kulimva kuchokera pakamwa pake.

Anafika kuno mu 1987, chaka chimene njira ya ku Mandimba inkakhuthula anthu ngati nyerere zothawa madzi. Kwawo ku Lichinga anali mphunzitsi wa sayansi. Ena pothawa ananyamula mabulangete, mbuzi, makina osokera. Akazi awo, a Rosalina, anasenza mphika ndi mphasa. Che Luciano ananyamula mapepala ofiirira ndi ukalamba, atawakulunga m'pulasitiki n'kuwamangirira pamimba ngati munthu wothyoka nthiti. A pachipata cha malire atawafunsa kuti katundu wanu ali kuti, iwo anangovula malaya.

Mapepalawo anali nkhani imene katswiri wina wa ku Jeremani analemba kalekale, yonena za kuwala, mawotchi ndi nthawi. Akuti nthawi siyenda mofanana kwa munthu amene waima ndi kwa munthu amene akuthamanga liwiro loyandikira la kuwala. Che Luciano ankati mabuku onse a kusukulu onena zimenezi ndi miseche chabe. Mawu enieni ndi awa, a mwiniwake.

Ine ndikulemba izi ndine Abiti Wadi, ndipo ndinaphunzira ku Malindi mpaka Sitandade 6, nthawi imene atsikana a m'mabanja achisilamu opita kusukulu unkawawerenga ndi dzanja limodzi. Choncho musandiyese munthu wongotola nkhani pachitsime. Zina ndinaona ndekha, zina anandiuza mdzukulu wanga Rahma, amene m'boma lonse la Mangochi simungapeze mnzake pa nzeru, ndipo wotsutsa abwere kwathu tidzakambirane.

Rahma ndi mwana wa malemu mwana wanga Sara, ndinamulera ndekha. Chaka chimene ankalowa Fomu 4, mjomba wake Atumani, mwana wanga wamwamuna amene amagulitsa zipangizo za njinga, anakhala pakhonde panga n'kulankhula ngati mwini mbumba. Panali mnyamata wina wa golosale kuboma amene anatumiza mawu. Atumani anati mtsikana akakhoza mayeso apitirire, palibe womugwira mwendo, koma akalephera, ukwati umangidwe chaka chomwecho. Rahma ankamvera ali kuseri kwa chitseko. Maphunziro ena onse ankawadya ngati mtedza, koma sayansi inkamuvuta, pakuti kusukulu kwawo mphunzitsi wake anachoka ndipo wina sanabwere. Mnyamata wa golosaleyo Rahma anangomuona kamodzi, ali kutsogolo kwa sikelo akudzitokosa m'mano ndi machesi.

Ndi mmene anapezekera pakhonde pa Che Luciano, atakumbatira chibuku cha sayansi chobwereka kusukulu, chonenepa ngati njerwa ziwiri.

Che Luciano analilandira bukulo, analinunkhiza, n'kulitsegula chakumapeto ngati munthu wodziwa pamene pabisala njoka. Anapeza mutu wonena za nkhani yawo ija ya kuwala ndi mawotchi.

“Timasamba towerengeka! Ndi zithunzi zomwe!” anafuula choncho. “Rosalina, tabwera udzaone, aika zithunzi!”

“Ndikusenda chinangwa,” anayankha a Rosalina ali kuseri.

“Mtsikana iwe, ukudziwa mmene amayi akale ankadyetsera khanda? Ankatafuna okha, n'kumulavulira mwana m'kamwa. Buku ili ndi lotafuniratu. Kukoma konse kunatsala m'kamwa mwa wotafunayo.”

“Koma aphunzitsi,” anatero Rahma mwaulemu, “mutu umenewo pa mayeso subwera. Amafunsa za magetsi, za asidi, za kulemera kwa zinthu, zimene zili koyambiraku.”

“Ndiye mayesowo ndi amphawi. Khala pansi.”

Bukulo analiika pansi pa mwendo waufupi wa tebulo, tebulolo n'kusiya kugwedera, ndipo anati tsopano lapeza ntchito yake. Anamasula pulasitiki ija mosamala ngati akusintha thewera la mwana wa mfumu. Mapepalawo anali a m'Chipwitikizi, chimene Rahma sankachimva. Iwo ankawerenga mzere umodzi, n'kuutembenuzira m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiyao, kenako n'kutseka maso kuti aumvere kukoma. Mwezi unatha ali pa funso limodzi: tikamati zinthu ziwiri zachitika nthawi imodzi, tikutanthauza chiyani?

Rahma ankabwerera kunyumba mutu ukulira. Anzake a kusukulu anali atamaliza za magetsi. Iye ankadziwa kuti munthu asakhulupirire wotchi imene ili kutali.

Ndiye unafika mwezi wa Ramazani, ndipo Mulungu anawapatsa Che Luciano mphatso. Kuno kuli mizikiti iwiri, wina kumtunda kufupi ndi chipata, wina kumunsi kupitirira msika. Chaka chimenecho kunabuka mkangano. A kumtunda ankati mwazini wa kumunsi, woitanira anthu ku mapemphero uja, amachedwa kuitana azana yomasulira kusala, anthu ake akuvutika ndi njala chabe. A kumunsi ankati ayi, wochedwa ndi wa kumtunda, ife timamva wathu poyamba tsiku lililonse. Amwazini awiriwo anasiya kupatsana moni.

Che Luciano, Mkatolika wa korona m'thumba, atamva nkhaniyi anadumpha ngati alumidwa ndi linthumbu. Anabwereka chingwe cha pachitsime, anamugwiritsa Rahma nsonga imodzi, n'kuyamba kuyeza msewu kuchokera pa mzikiti wina kukafika pa unzake. Malole ankaimba mahutala, iwo ali chogwada pakati pa msewu akuika timiyala. Mtsikana wa Fomu 4, mayeso ali pakhomo, akukoka chingwe m'fumbi anthu akumuseka! Atapeza pakati penipeni, pafupi ndi pamene amawotcha chimanga, anaitana akuluakulu a mbali zonse kuti adzaime pamenepo. Nthawi itakwana mawu awiri aja anafika limodzi, ngati munthu mmodzi wa pakamwa pawiri.

“Mwamva?” anatero Che Luciano misozi ili m'maso. “Palibe wochedwa! Aliyense amamva poyamba amene ali naye pafupi. Koma akuluakulu, apa tangofika pakhomo. Tsopano tiyerekeze kuti si mawu koma kuwala, ndipo inu muli pa lole yothamanga kwambiri…”

Atatembenuka anapeza atsala ndi Rahma yekha. Anthu osala kuyambira m'bandakucha sadikira lole yoyerekeza. Komabe amwazini aja anayanjana, ndipo mbale za chakudya zimene zinalowa kwa a Rosalina sabata imeneyo zinali zoti n'kudyetsa msasa wonse wa othawa nkhondo.

Mayeso oyeserera atabwera, Rahma sayansi anagwa nayo chagada. Atumani anayamba kuyenda akuimba mluzu. Kuchokera kuboma kunabwera nsalu ziwiri ndi paketi ya tiyi, akuti ndi moni chabe kwa agogo. Rahma anaziyang'ana nsaluzo, za maluwa achikasu, n'kukalowa m'nyumba osadya. Ankawakonda aphunzitsi akewo, ndipo funso lawo lija linali litayamba kumukoma mumtima ngakhale sankafuna. Koma ankaonanso sikelo ya m'golosale ikumuyandikira.

“Anganga,” anandiuza choncho, “ndikawauza kuti tisiye mapepala aja, akhumudwa. Munthu anasiya bulangete chifukwa cha mapepala amenewo.”

Kwathu kuno mayi wamkulu akakhala ndi dandaulo pa mwamuna wa mwini, sapita yekha kukaima pakhomo pake. Amatuma munthu wolemekezeka, mawu amayenda ndi miyendo ya wina, ndipo aliyense amatsala ndi ulemu wake. Ndinatuma Shehe Mustafa, munthu wodekha amene anayanjanitsapo mabanja oti anali atagawana kale mbale. Ndinaiwala kuti ndikutuma mthenga kwa munthu amene sakhulupirira amithenga.

Shehe anapita m'mawa, anabwerako dzuwa litapendeka, nkhope ikuwala.

“Abiti Wadi, poyamba anakana kundimvera, akuti mawu anu afika atazizira. Koma kenako tinacheza. Munthu uja ndi wozama! Akuti mawu ofunika amvedwe mmene analembedwera. Nanga ife kumadrasa ana sitiwayambitsa ndi Chiarabu chenichenicho? Ndamuuza kuti akanakhala Msilamu bwenzi ali shehe.”

“Shehe,” ndinatero, “ndinakutumani kuti mukamuwongole, mwabwerako muli mlamu wake?”

M'mawa mwake ndinamanga mpango wanga wa pa Idi, n'kuphwanya mwambo masanasana. Akazi a pachitsime anasiya kutunga. Ndinawapeza Che Luciano pakhonde, Rahma ali pamphasa, mapepala ali pakati pawo.

“Mwiniwake wa mawu aja ndi ine, ndabwera,” ndinatero. “Mwana uyu akalephera akukwatiwa. Mwamva kwa ine tsopano, sizinazizire.”

Anaimirira n'kundipatsa mpando, ulemu anali nawo. Kenako anayamba kundifotokozera kuti madzi a pakasupe ndi a mumtsuko si amodzi, kuti amene wamwa pakasupe mayeso alionse amawaona ngati masewera.

“Che Luciano, wa ludzu ali pakhomo simumuuza kuti akwere phiri pamene mtsuko uli pambali panu. Mwanayu nthawi alibe.”

“Mayi, ine sindingapatse mwana wanzeru chonchi zinthu zodutsa m'manja mwa anthu ena. Sindinazidyepo, ndipo sindidzadyetsa munthu.”

Pamenepo a Rosalina anatulukira pakona ya nyumba, chipande chili m'manja. Mayi amene uja anali wosalankhulalankhula, koma akatsegula pakamwa ankalasa.

“Mayi, tawafunsani ngati amamva Chijeremani.”

“Rosalina, zako ndi za kukhitchini.”

“Tawafunsani. Mzungu wawoyo ankalankhula Chipwitikizi? Mapepalawa anawapatsa ndi wansembe wina ku Nampula, ndipo anachita kumasulira ndi munthu wina wa ku Lisboa. Zaka zonsezi ndakhala chete chifukwa cha mtendere wa m'nyumba.”

Nkhuku inadutsa pakati pathu, n'kubwereranso. Che Luciano anavula magalasi, anawapukuta, anawavala, anawavulanso.

“Womasulirayo,” anatero potsiriza ndi mawu aang'ono, “anali munthu wosamala kwambiri.”

“Anali wotafuna bwino,” anatero a Rosalina, n'kubwerera kuseri.

Tinapangana tsiku lomwelo. Masiku a sukulu aziphunzira za m'buku, za pa mayeso. Loweruka lokha ndilo la mapepala. Bukulo linatuluka pansi pa tebulo lili ndi chibowo cha mwendo pachikuto. Koma musaganize kuti munthu anagonja. Ankaligwira ndi zala ziwiri ngati nsomba ya dzana, ankawerenga monyoza, ndipo mutu uliwonse ankauthamangitsa kuti Loweruka lifike msanga. Rahma ankaphunzira ndithu, koma mwa apo ndi apo, ngati munthu wodya kwa mayi womupeza.

Tsiku lina akudikira aphunzitsi ake amene anapita kukalandira ufa ndi nandolo kumsasa, Rahma anatsegula yekha mutu woletsedwa uja wa kumapeto. Anaona chithunzi: magalasi awiri oyang'anizana, wina pansi wina pamwamba, kuwala kukudumpha pakati pawo ngati mpira. Kudumpha kumodzi ndiko kugunda kwa wotchi. Ndiye wotchi imeneyo aikweza pa chinthu chothamanga. Kwa amene wakwera nayo, kuwala kukungopita m'mwamba ndi pansi. Kwa amene waima panja, kuwalako kukuyenda mopingasa, njira yaitali. Koma liwiro la kuwala silisintha kwa aliyense. Njira yaitali pa liwiro lomwelo, ndiye kuti kwa woima panjayo wotchi ija ikugunda mochedwa. Rahma anawerenga kawiri. Chinthu chimene anakhala akuchisaka miyezi yonseyi chinali apa, pa katsamba kamodzi, ndi masamu a makona atatu amene anaphunzira ali Fomu 2. Anatseka bukulo msanga ngati waona za akuluakulu.

Anasunga chinsinsi mpaka Loweruka. Tsikulo Che Luciano anali atafika pamene mwiniwake amaonetsa za kuchedwa kwa wotchi, ndipo anadzaza bwalo lonse ndi masamu olemba ndi kamtengo, kuchokera pakhonde mpaka pa khola la nkhunda. Thukuta linali kamukamu. Penapake anasokoneza chizindikiro, anabwerera, anafufuta ndi phazi, anayambiranso. Rahma anaganiza za mitu ya magetsi imene inali isanakhudzidwe, anaganiza za nsalu zachikasu zija, ndipo dzanja lake linatola kamtengo lokha. Pakona pa bwalo anajambula magalasi awiri ndi makona atatu, n'kulemba mizere itatu ya masamu.

Che Luciano anabwera kudzaima pamwamba pake. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana bwalo lawo lonse lija, n'kuyang'ananso kakona ka Rahma.

“Wazitenga kuti zimenezi?”

“M'buku lija, aphunzitsi.”

“Lotafuniratu?”

“Lomwelo.”

“Pita kwanu.”

Lolemba a Rosalina anamubweza pakhomo, akuti aphunzitsi mutu ukuwapweteka. Lachiwiri akuti msana. Rahma anabwera kwa ine, akuti anganga ndawononga zonse, mphunzitsi ndilibe, ngakhale buku lomwe latsala kwawo. Atumani anamva, n'kuyamba kufunsa mtengo wa mpunga wa paukwati.

Lachitatu Rahma sanadzere kukhomo. Anazungulira kumunda wa chinangwa kuti akangopempha buku lake kwa a Rosalina. Kuseri kwa nkhokwe anaona mapazi awiri atatambalala. Che Luciano anali atatsamira nkhokweyo, chibuku chija chili pamiyendo, chala chikuyenda pamzere, milomo ikugwedera. Pambali pawo panali chinangwa chootcha chimene anaiwala kudya, nyerere zikuchita nacho phwando. Sanali pa mutu wa kumapeto. Anali pakati penipeni, pa za magetsi.

Rahma anatsokomola. Munthu wamkulu anadzidzimuka n'kufuna kulikhalira bukulo, koma linali lalikulu.

“Ndikufufuza zolakwika,” anatero.

“Mwapeza zingati, aphunzitsi?”

“Ziwiri.” Kenako anaonjezera kuti, “Chimodzi ndi cha osindikiza.”

Rahma anadziluma mlomo kuti asaseke. Iwo anamuyang'ana, n'kuyamba okha kuseka, kuseka kwa munthu amene wagwidwa akuba ndiwo mumphika wa m'nyumba mwake momwe.

“Khala apa, mwanawe. Zaka makumi awiri ndakhala ndi wotchi imeneyi m'masamu, koma sindinaionepo ndi maso. Anthu awa andionetsa. Ndakwiya nawo kwambiri.” Anasisita chikuto chobooka chija. “Mwiniwake analowa m'tchire ndi chikwanje, yekha, minga ikumubaya. Awa anabwera pambuyo, analambula msewu, anamanga ndi milatho yomwe. Iwe uli pa changu, udzere pamsewu. Koma taona, iwo angokuuza kuti liwiro la kuwala silisintha, landira, meza. Sakukuonetsa chimene chinamuvuta munthuyo mpaka kukayamba kukayikira wotchi ya pakhoma pake. Chimenecho chili m'mapepala mwanga mokha. Ukawoloka mayeso udzabwere, tidzalowe m'tchiremo bwinobwino.”

“Ndidzabwera, aphunzitsi.”

“Tsopano tsegula koyambirira. Tataya nthawi yambiri, ndipo sindikudziwa kuti anatitayitsa ndani.”

Zimene zinachitika miyezi yotsatirayo a ku Chiponde amazikambabe. Munthu uja anasanduka mphepo. Mapepala anawamanganso m'pulasitiki n'kuwapatsa a Rosalina kuti awabise, ndipo anawalumbiritsa kuti asawauze malo ngakhale atalira. Analira kawiri, a Rosalina osawauza. Anakalanda pampu ya njinga pa benchi ya Atumani kuti aphunzitsire za mpweya. Anamasula wailesi ya Shehe Mustafa kuti aonetse mmene magetsi amayendera, ndipo poibwezera panatsala tizitsulo tiwiri, koma inkalirabe, ena amati kuposa kale. Mandimu a pakhomo panga anathera ku za asidi. Rahma akalakwitsa ankamenya tebulo n'kufuula kuti, “Buku likuti chiyani? Werenga buku!” A Rosalina akamva zimenezo ankangoyang'ana kumwamba.

Atumani anapita kukatenga pampu yake, n'kupezeka wakhala pansi akumvera. Anabwerako akunena kuti mzungu wakuda uja ndi wamisala, koma mawa lake anapitanso, akuti anaiwala kapu ya valavu. Awiriwa sankatha kulankhulana popanda kukangana. Atumani ankanena dala zinthu zokhota kuti amuone mnzake akudumpha, ndipo mnzakeyo ankadumphadi nthawi zonse.

Zotsatira za mayeso zinafika ndi mphunzitsi wina amene anadutsa pa njinga n'kufuula pamsewu kuti Rahma wakhoza, ndipo sayansi wakhoza kuposa onse. Ine nthungululu yanga inamveka mpaka tsidya la malire, a kumeneko ankayesa nkhondo yatha. Akazi anadzaza bwalo. Che Luciano okha anakhala pampando manja ali pachifuwa, akukana kusangalala. Ananyamuka wapansi mpaka kusukulu, n'kukaima pamaso pa mphunzitsi wamkulu.

“Mwamuona ndinu akukhoza?”

“Ayi bambo, zachokera ku Zomba, kumene amachonga.”

Anabwerako akufunsa za lole yopita ku Zomba. A Rosalina anabisa nsapato zawo mumtsuko. Che Luciano anayamba kufunafuna zoti abwereke, ndipo akanapitadi chopanda nsapato, munthu wothawa nkhondo wopanda ndi chilolezo chomwe choyendera, Rahma akanapanda kuwaimirira kutsogolo.

“Aphunzitsi, mayesowo ndinalemba ndine. Mafunso ndinawaona ndi maso anga, ndipo ndikukuuzani kuti ndinawakhoza.”

Anamuyang'ana, n'kukhala pansi pa fumbi pomwepo, n'kulira ngati mwana. Kenako anadzuka n'kuvina gule wina wa kwawo amene palibe anamuzindikira, ndipo a Rosalina anati ngakhale ku Lichinga gule ameneyo kulibe.

Nsalu zachikasu zija Atumani anakazibweza yekha kuboma. Tiyi tinali titamwa kale.

Nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. Misasa inaphwasuka, minda ya chinangwa inatsala ndi eni atsopano. Che Luciano anati iwo sakwera, ali ndi ntchito yosamaliza. Rahma anali ku koleji akuphunzira za uphunzitsi wa sayansi, ndipo tchuthi chilichonse ankafikira pakhonde paja asanafike n'komwe kwa ine, zimene ndinamukhululukira movutikira. Ankakhala awiriwo, mapepala mbali ina, buku mbali ina, akulowa m'tchire lawo lija pang'onopang'ono. Akakanika m'mapepala ankasuzumira m'buku, buku likalumpha chinthu ankabwerera ku mapepala. Anafika tsamba lomaliza tchuthi cha Khirisimasi. M'nyengo yozizira yotsatira chifuwa chinawagwira Che Luciano, ndipo sanachedwe. Anagona mwakachetechete, zimene sanachitepo ali moyo.

Pa maliro awo panali wansembe, panali Shehe Mustafa, panali amwazini awiri aja atakhala pa benchi imodzi. A Rosalina abale awo anadzawatenga chaka chomwecho. Rahma lero akuphunzitsa ku sekondale, ana amamuopa ndi kumukonda, ndipo anakwatiwa ndi munthu amene anamusankha yekha, wosadzitokosa m'mano pagulu.

Chiponde wakula tsopano. Njinga zonyamula anthu kupita ku Mandimba zachuluka, ndipo anyamata ake amasonkhana pa benchi ya Atumani kudikira zigamba ziume. Atumani, amene tsitsi layamba kuyera, ndiye wasanduka katswiri wa pamsika. Aliyense wofika amauzidwa kuti mphunzitsi wa sayansi uja ndi mphwake, ndipo anamulimbikitsa sukulu ndi iyeyo. Ine ndimangomuyang'ana.

Dzana ndinadutsa pamenepo ndikuchokera kogula mchere, ndinamumva akuwauza anyamatawo kuti, “Inu mukamapalasa kwambiri simukalamba msanga. Sayansi imeneyo. Wopalasa kupita ku Mandimba ndi kubwera amapeza mkazi wake wakalamba kuposa iye.” Anakweza mawu ponena zimenezi, kuposa mmene pankafunikira. Atatero anasiya kupopa, n'kutembenukira ku kanjira kotsikira kumene kunali nyumba ya Che Luciano, ngati akupereka mpata woti wina amutsutse.

Anyamata aja anangogwedeza mitu, wina n'kuti, “Zoona, mjomba?”

Atumani anadikirabe pang'ono. Kenako anati, “Ayi, si zoona. Bweretsa tayalalo.”